Mawu onse ankawamva, koma osadziwa kuti wamenya mnzake ndani

Tsiku limene mwana wathu anabwera kuchokera kusukulu mlomo uli wotupa, n'kuti patatha miyezi iwiri amuna anga atatuluka m'chipatala. Anali atadwala sitiroko. Dzanja lamanja linali lofooka, mwendo ankachita kuukoka, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi, movutikira, mpaka thukuta kuoneka pachipumi. Madokotala anatiuza kuti vutoli dzina lake ndi aphasia. Tonse m'nyumba tinkaganiza kuti talimvetsa: bambo akulephera kulankhula, koma kumva akumva bwinobwino. Umboni wake tinali nawo. Ukawauza kuti "bambo, kwabwera alendo," ankakonza kolala ya malaya n'kuyang'ana kukhomo. Wina akanena zoseketsa, ankaseka pamalo oyenera kuseka.

Ndiye madzulo amenewo ndinalowa pabalaza, mwana ali pambuyo panga, n'kunena kuti, "Bambo, mwana wanu wamenyedwa ndi mnzake kusukulu."

Nkhope yawo inasintha nthawi yomweyo. Anamuyang'ana mwanayo ndi diso limene ndinkalidziwa kuyambira kale, la kholo limene lakhumudwa ndi khalidwe la mwana wake. Anamuloza ndi dzanja lamanzere, chala chikunjenjemera. "Iwe... ayi! Zoipa. Zoipa!" Mwanayo, amene panthawiyo anali ndi zaka 11, anangoti kakasi. Anayesa kunena kuti "Ababa, si ine," koma misozi inamutsamwitsa, n'kuthawira kuchipinda kwake. Ine mtima unandipsa. Ndinaganiza kuti matendawa awaumitsa mtima, moti sangathenso kumvera chisoni mwana wawo yemwe. Usiku umenewo tinagona osalankhulana.

Chimene sindinadziwe n'chakuti iwo anamva nkhani ina, yosiyana ndi imene ndinanena. Mawu akuluakulu onse anafika: mwana, kumenya, mnzake, sukulu. Chimene chinatayika panjira ndi kachidutswa kakang'ono kali m'kati mwa mneni, kamene kamasiyanitsa "wamenya" ndi "wamenyedwa," pamodzi ndi ka "ndi" kotsatirako. Mukachotsa tiwirito, chotsala n'chakuti mwana wanu wamenya mnzake. Mlomo wotupawo kwa iwo unangokhala umboni wa ndewu imene mwana wawo anaiputa yekha.

Zimenezi zinaululika patapita milungu itatu, m'chipinda cha speech therapist, katswiri wothandiza anthu amene kulankhula ndi kumva chilankhulo kwawasokonekera. Anali mayi wodekha kwambiri. Anayala zithunzi patebulo n'kuyamba ndi zosavuta. "Lozani galu." Analoza. "Lozani mpando." Analoza. Anadutsa mawu ambirimbiri osaphonya ngakhale limodzi, ndipo ine mumtima ndinkati, mwaona nanga, kumva akumva. Kenaka mayiyo anati, "Mpira ukumenyedwa ndi mnyamata," ndipo amuna anga analoza chithunzi cholondola mosazengereza.

Ndiye anaika zithunzi ziwiri zofanana pafupifupi chilichonse. Pa china mtsikana akukankha mnyamata, pa chinzake mnyamata akukankha mtsikana. "Mtsikana akukankha mnyamata." Analoza molondola. "Mtsikana akukankhidwa ndi mnyamata." Analozanso chithunzi chomwe chija, cha mtsikana amene akukankha, ndipo anachiloza motsimikiza, osakayika m'pang'ono pomwe. Mayiyo sanaonetse kalikonse pankhope, anangosintha zithunzi. Galu akuthamangitsidwa ndi mphaka. Mwana akukumbatiridwa ndi agogo. Nthawi zina ankakhoza, nthawi zina kuphonya, ngati munthu amene akungolota. Pomalizira panabwera chiganizo chachitali: "Mnyamata amene mtsikana akumuthamangitsa wavala chipewa. Wavala chipewa ndani?" Amuna anga anayang'ana zithunzizo dwii, kenaka n'kutembenukira kwa ine. M'maso mwawo munali mantha.

Pamenepo m'pamene mawu anga a tsiku lija anandibwerera. Wamenyedwa ndi mnzake. Ndinagwira pakamwa.

Mayiyo anandifotokozera mwachidule. Chiganizo cha mpira chija sichingatembenuzidwe, chifukwa mpira sungamenye mnyamata. Munthu akangogwira mawu atatu, mpira, kumenya, mnyamata, nzeru zake zimamaliza zotsalazo. Koma pamene onse awiri angathe kuchita chinthucho, monga mtsikana ndi mnyamata, nzeru za tsiku ndi tsiku sizithandiza. Chotsala ndi kasanjidwe ka mawu ndi tizidutswa timene timamatidwa ku mneni. Apa m'pamene pavulala. Ubongo ukasowa pogwira, umatenga njira yachidule: amene watchulidwa poyamba ndiye wochita. Njira imeneyi imagwira ntchito m'ziganizo zambiri, n'chifukwa chake vutoli limabisala kwa miyezi, achibale osalizindikira.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwerenga chilichonse chimene ndikanapeza, ndipo ndinaona kuti si ife tokha amene tinanamizika. Madokotala enieniwo anakhala ndi maganizo ofanana ndi athu kwa zaka pafupifupi 100. Mu 1861, dokotala wa ku Paris, Paul Broca, anafotokoza za wodwala amene ankangotha kunena "tan" basi, koma ankaoneka kuti akumva zimene akuuzidwa. Atamwalira, anapezeka ndi chilonda kutsogolo kwa mbali ya kumanzere ya ubongo. Mu 1874, Carl Wernicke wa ku Germany anafotokoza za odwala ena amene ankalankhula mosadodoma koma zosamveka, ndipo sankamva zonena za anzawo. Iwowa anavulala chakumbuyo, kufupi ndi khutu. Choncho chiphunzitso chinakhazikika chakuti kutsogolo n'kolankhulira, kumbuyo n'komvera. Amuna anga anavulala kutsogolo, ndiye aliyense ankati kumva kuli bwino.

Mu 1976, akatswiri awiri, Alfonso Caramazza ndi Edgar Zurif, anayesa odwala oterewa ndi ziganizo zotheka kutembenuzidwa, monga momwe mayi uja anachitira ndi amuna anga. Anapeza kuti pa ziganizo zimene nzeru zingathandize ankakhoza bwino, koma pa zotembenuzika zosanjidwa mozungulira ankangolota. Nditawerenga zimenezi ndinalira, koma kunali kulira kopepukitsa mtima. Chinthu chimene chinasokoneza nyumba yathu chinali chodziwika, chofufuzidwa, ndipo sichinali nkhanza za amuna anga.

Pali chinanso chimene ndikufuna anthu achidziwe, chifukwa chinandibwezera ulemu umene ndinayamba kuutaya pa iwo. Malamulo a chilankhulo sanafufutike m'mutu mwawo. Tsiku lina ndinalakwitsa dala, n'kunena kuti "mwana zikusewera panja." Anakwinya nkhope n'kupukusa mutu: "Ayi... ayi." Khutu lawo linagwira cholakwikacho msangamsanga. Mu 1983, Marcia Linebarger, Myrna Schwartz ndi Eleanor Saffran anaonetsa zomwezi, kuti odwala amene amalephera kumva ziganizo zotembenuzika amathabe kusiyanitsa chiganizo chosanjidwa bwino ndi cholakwika. Ndiye kuti chidziwitso chilipo. Chovuta ndi kuchigwiritsa ntchito pa liwiro limene anthu timalankhulira, kulumikiza kasanjidweko ndi tanthauzo lakuti wachita ndi uyu, wachitiridwa ndi uyo, mawu asanazimiririke m'mutu. Chiganizo chikamafika kumapeto, chiyambi chake chimakhala chitayamba kale kuthawa.

Nditadziwa zimenezi, zinthu zambiri zam'mbuyo zinayamba kumveka. Panali mapiritsi ena amene sankayenera kumwedwa m'mimba muli mopanda kanthu. M'mawa wina ndikuthamangira kuntchito ndinawauza kuti, "Musamwe mapiritsiwa musanadye." Anavomera ndi mutu. Pobwera ndinawapeza akudandaula m'mimba. Anamwa mapiritsiwo poyamba, n'kudya pambuyo pake. Taonani chiganizocho: muli kukana kuwiri, ndipo chinthu choyenera kuchitika pomalizira ndi chimene chatchulidwa poyamba. Iwo anamva kumwa, mapiritsi, kudya, n'kuchita motsatana momwemo. Panthawiyo ndinati ndi kusamvera. Chichewa chathuchi chimanyamula katundu wolemera pa tizidutswa tating'ono kwambiri. "Musanadye" ndi "mutadya." "Mutseke" ndi "musatseke." "Wandiuza" ndi "ndamuuza." Munthu wabwinobwino saganizako n'komwe. Kwa munthu wa aphasia, kachidutswa ka zilembo ziwiri kakadumphidwa, nkhani yonse imaima chadodolido.

Paulendo wotsatira mayi uja anatulutsa tizidutswa tapulasitiki, tina tozungulira, tina ta ngodya zinayi, ta mitundu yosiyanasiyana, tating'ono ndi tokulirapo. Mayeso amenewa amatchedwa Token Test, ndipo anawakonza madokotala a ku Italy, Ennio De Renzi ndi Luigi Vignolo, mu 1962. Ubwino wake ndi wakuti palibe polotera, chifukwa tizidutswato tilibe nkhani. "Gwirani chozungulira chofiira," anakhoza. "Gwirani chozungulira chachikulu chofiira ndi cha ngodya zinayi chaching'ono chobiriwira," anagwira choyamba, dzanja n'kuima m'malere. "Musanagwire chachikasu, nyamulani chofiira," anayambira chachikasu. Ndinaona ndi maso anga malire a zimene angathe kunyamula nthawi imodzi. Ngakhale mawu awiri okha ankatha kuwazunguza akasinthanitsidwa. Alexander Luria wa ku Russia, amene anathandiza asilikali ovulala m'mutu pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ankafunsa odwala ake kusiyana kwa "mchimwene wa bambo" ndi "bambo wa mchimwene." Nditawayesa amuna anga ndi funso lomweli, anati ndi munthu mmodzi.

Madzulo a tsiku la zithunzi lija ndinatenga pepala ndi cholembera, n'kukhala pafupi nawo. Ndinajambula ana awiri. Pansi pa wina ndinalemba dzina la mwana wathu, pansi pa winayo ndinalemba MNZAKE. Ndinajambula muvi wochokera kwa mnzakeyo kupita kwa mwana wathu. Kenaka ndinalankhula pang'onopang'ono, ndikuloza. "Bambo, tsiku lija. Mnzake anamenya. Anamenya mwana wathu. Mwana wathu sanalakwe." Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, chala chikutsata muviwo, kubwerera, kutsatanso. Kenaka anausa moyo, misozi n'kuyamba kutsika. Anadzuka ndi ndodo yawo, osalola kuti ndiwagwire, mpaka kuchipinda kwa mwana. Mawu akuti "pepa" anakana kutuluka. Ankangoti "pe... pe...," akudziguguda pachifuwa. Mwanayo anawakumbatira n'kunena kuti, "Ndamva, ababa." Milungu itatu yathunthu mwana ameneyu ankayenda ndi chilonda mumtima, chifukwa cha chiganizo chimodzi chimene ine ndinachisanja mmene aliyense akanachisanjira.

Amene anayenera kusintha kalankhulidwe ndi ife, ndipo sizinali zapafupi. Ndinaphunzira kuyamba ndi wochita, kenaka chimene wachita, kenaka amene wachitiridwa. M'malo monena kuti "mwayitanidwa ndi adokotala," ndimati "adokotala akukuyitanani." Zinthu ndimazitchula motsatana ndi mmene zichitikire: "Idyani kaye." Ndimaima. "Kenaka imwani mapiritsi." Kuimako n'kofunika kuposa mmene ndinkaganizira. Si kukoka mawu ngati kaseti yofooka ayi, kumeneko kumawasokoneza kwambiri. Ndi kulankhula mwachibadwa, koma kusiya mpata pakati pa mfundo ndi mfundo kuti yoyambayo ikhazikike. Pamene ndingathe, ndimapewa kukana. "Musatseke chitseko" inasanduka "chitseko chikhale chotsegula." Ndipo ndinasiya kudalira tizidutswa toimira anthu. Kunena kuti "anamuuza kuti amubweretsere" n'kuwataya m'nkhalango. Ndimatchula maina, ngakhale zioneke ngati ndikubwerezabwereza.

Kope ndi cholembera sizichoka patebulo. Ndikamafotokoza nkhani yofunika, ndimalemba mawu ofunika okhaokha: tsiku, malo, dzina la munthu. Kuwerenga ziganizo zazitali kumawavuta mofanana ndi kuzimva, koma mawu olembedwa sathawa, amadikira mpaka munthu awagwire. Njira yolankhulirana imeneyi, yolemba mawu ofunika, kujambula ndi kutsimikizira, inakonzedwa mwadongosolo ndi Aura Kagan wa ku Aphasia Institute mumzinda wa Toronto, ndipo maziko ake ndi akuti munthu wa aphasia nzeru ali nazo, ntchito ya wolankhula nayeyo ndi kuzitsegulira khomo.

Pa nkhani ya kutsimikizira ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa apa m'pamene pali ngozi yeniyeni. Funso lakuti "mwamva?" n'lopanda ntchito. Amuna anga amavomera ndi mutu pafupifupi nthawi zonse. Nthawi zina amavomera chifukwa akukhulupiriradi kuti amva, monga tsiku la mwana lija. Nthawi zina ndi manyazi, safuna kuvutitsa munthu kuti abwereze kachitatu. Ndipo m'miyezi yoyambirira, "eya" ankatha kutuluka pamene mumtima akutanthauza "ayi." Tsiku lina kuchipatala, dokotala wina anafotokoza mothamanga za kusintha kwa mankhwala, zoyenera kusiya ndi zoyenera kupitiriza, n'kufunsa kuti, "Tamvana, bambo?" Iwo anavomera. Ndinapempha kuti tiime kaye. Ndinalemba maina a mankhwala awiriwo papepala n'kufunsa, "Bambo, musiya ati? Lozani." Analoza amene anayenera kupitiriza. Dokotalayo anakhala pansi n'kuyambiranso, ulendo uno modekha. Ngati muli ndi m'bale wa aphasia ndipo pali zosayina, za chipatala, za ndalama kapena za katundu, musalole kuti kugwedeza mutu kukhale chilolezo. Afunseni m'njira ziwiri zosiyana, aloze, asonyeze. Ufulu wosankha ndi wawo ndithu, ndipo n'chifukwa chake tiyenera kuonetsetsa kuti chimene akuvomeracho ndi chimene chanenedwadi.

Alendo ena ankandipweteka mtima. Ankabwera ndi chikondi, koma akaona kuti bambo sakutsatira, ankayamba kukuwa ngati akulankhula ndi munthu wogontha. Makutu awo anayezedwa, ali bwinobwino, ndipo kukuwa kumangowonjezera phokoso m'mutu wotopa kale. Ena ankasintha mawu n'kumalankhula ngati akunyengerera khanda. Ena ankatembenukira kwa ine n'kumafunsa kuti "akupeza bwanji?" mwini wake ali pomwepo. Zimenezi amazimva zonse, chifukwa kamvekedwe ka mawu ndi nkhope ya munthu amaziwerenga bwino kwambiri, mwina kuposa kale. Mlendo wotero akachoka, ankakhala chete tsiku lonse. Munthu uyu anaphunzitsa masamu zaka zambiri, ndipo mpaka lero akaona nambala yolakwika papepala amaizungulira ndi cholembera. Chiganizo chikhale chachifupi, koma nkhani yake ikhale ya munthu wamkulu.

Ndinazindikiranso kuti kumva kwawo sikukhala pamlingo umodzi. M'mawa, m'chipinda chopanda phokoso, munthu mmodzi akulankhula akuwayang'ana, amatsatira zambiri. Madzulo atatopa, wailesi ikulira, anthu atatu akulankhulira pamodzi, ngakhale chiganizo chosavuta chimawadutsa. Foni ndiye yovutitsitsa, chifukwa palibe nkhope, palibe manja, palibe pepala. Nkhani zikuluzikulu timakambirana m'mawa, TV itazimitsidwa.

Aphasia si yofanana kwa aliyense. Mwa anthu atatu alionse amene adwala sitiroko, pafupifupi mmodzi amakhala nayo, ndipo imabweranso chifukwa cha kuvulala m'mutu, chotupa cha mu ubongo, kapena matenda ena ofooketsa ubongo pang'onopang'ono. Ena amavutika ngakhale ndi mawu amodziamodzi, ena vuto lawo limangoonekera pa ziganizo zopiringizika monga amuna anga. N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti apemphe kuti m'bale wawo ayezedwe kamvedwe ka ziganizo, osati ka mawu okha. Ngakhale kunyumba mungayambe kuona: jambulani zithunzi ziwiri zotembenuzana, nenani chiganizo, manja anu ali pansi ndipo maso anu asaloze yankho. Ife achibale timathandiza ndi maso ndi manja osadziwa, n'kumati wodwala wamva mawu, pamene wawerenga thupi lathu.

Zolimbitsa zimene mayi uja anatipatsa zinali zobwerezabwereza. Chiganizo chimodzi papepala, mafunso atatu: chikuchitika n'chiyani, akuchita ndani, akuchitira ndani. Mneni ankauzungulira, wochita ankamudula mzere wofiira, wochitiridwa mzere wobiriwira. Tinayamba ndi ziganizo zolunjika, patapita miyezi n'kulowa mu zija za "-idwa" ndi "-edwa." Masiku ena ankakankha kope n'kutembenukira kukhoma, ine n'kulitseka osanena kanthu. Kusintha kwakukulu kunabwera m'miyezi yoyambirira, monga zimakhalira kwa ambiri, koma sikunaime pamenepo. Tsopano papita zaka 4 ndipo akupitabe patsogolo, ngakhale pang'onopang'ono. Chachikulu chimene anaphunzira ndi kudzikayikira pamalo oyenera. Akamva chiganizo chokhala ndi anthu awiri, salumphiranso yankho. Amakweza chala, kutanthauza kuti dikirani, n'kuchibweza m'mawu awoawo kuti tiwatsimikizire.

Mwezi watha mwana uja, amene tsopano ndi wamtali kuposa ine, analowa m'nyumba akuthamanga, chikwama chili kumsana. Chisangalalo chinamuiwalitsa malamulo onse a m'nyumba muno. "Ababa, ndasankhidwa ndi anzanga kukhala kaputeni wa timu!"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwongole chiganizocho, koma chala chinali chitakwera kale. Tonse tinakhala chete. Milomo yawo inkayenda popanda mawu, maso ali pansi. Kenaka anadzutsa mutu.

"Anzako... asankha... iwe?"

"Eya, ababa. Asankha ine."

Anamenya patebulo ndi dzanja lamanzere, n'kumuuza kuti akhale pansi afotokoze zonse kuyambira poyamba, pang'onopang'ono.